Kuchiza ululu wokhalitsa wa mtsempha wa kuchidendene ndi mafizo a pa vidiyo

Mtsempha wa kuchidendene, umene madokotala amautchula kuti Achilles, umalumikiza akatumba awiri a kumbuyo kwa mwendo ndi fupa la chidendene. Katumba wina ndi wa pamwamba ndipo amayambira kuseri kwa bondo. Winayo ali pansi pake, ndipo ndi amene amasenza ntchito yambiri bondo likapindika. Onse awiri akakoka, chidendene chimanyamuka. Mukamayenda mtsemphawu umanyamula thupi lonse, ndipo mukamathamanga katundu wake amachuluka kangapo.

Ululu ukapitirira miyezi 3, kawirikawiri vuto silikhala kutupa wamba. Mtsemphawo umakhala utagwiritsidwa ntchito yoposa mphamvu zake kwa nthawi yaitali, kapena ntchito itauchulukira mwadzidzidzi, mpaka ulusi wake wasokonekera. N'chifukwa chake kupuma kokha sikuchiza. Mukapuma mwezi wathunthu ululu umazilala, koma mtsempha ndi akatumba zimafooka, ndipo tsiku lomwe mwayambiranso kuyenda kwambiri ululu uja umabwerera. Chimene chimathandiza ndi katundu woyezedwa bwino, wowonjezeredwa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Ntchito yotereyi imachitikira kunyumba, ndipo dokotala wa mafizo akhoza kuiyang'anira pa foni ali kutali, bola inu mukhale maso ndi manja ake.

Choyamba: tsimikizani kuti vuto lanu n'lothandizika pa vidiyo

Pali zizindikiro zofunika kuonana ndi dokotala maso ndi maso, zina mwa izo tsiku lomwelo.

Ngati ululu unayamba mwadzidzidzi, munamva ngati wina wakumenyani kumbuyo kwa mwendo kapena munamva kulira kuti "phwa", ndipo tsopano simungathe kunyang'ama ndi mwendo umenewo, mwina mtsempha waduka. Musapusitsike chifukwa choti mukutha kuyenda kapena kugwedeza phazi. Pali minofu ina ing'onoing'ono yomwe imagwedeza phazi ngakhale mtsempha waukulu utadukiratu. Njira yoyezera ndi iyi: gonani chafufumimba pabedi, mapazi alendewere kunja, ndipo wina afinye katumba wa mwendowo. Mtsempha ukakhala wathunthu phazi limagwedezekera chakunsi lokha. Likapanda kugwedezeka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira nthawi ya vidiyo, chifukwa mtsempha woduka umachira bwino ukagwiridwa m'masiku oyambirira.

Katumba akatupa, akatentha ndi kuwawa ngakhale mwangokhala, makamaka mutachoka pa ulendo wautali, pa opaleshoni, kapena mutagona nthawi yaitali ndi matenda, mwina magazi aundana mkati mwa mwendo. Musasisite. Pitani kuchipatala. Chimodzimodzinso ngati pachidendene pafiira, pali bala, kapena thupi likutentha, makamaka kwa odwala shuga.

Onaninso mankhwala amene mwamwa posachedwapa. Mankhwala opha mabakiteriya a gulu la ciprofloxacin ndi levofloxacin amatha kufooketsa mtsempha mpaka kuduka. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linaika chenjezo lalikulu pa mankhwalawa mu 2008, ndipo chiopsezo chimakula kwa anthu opitirira zaka 60 komanso kwa amene akumwa mankhwala a steroid monga prednisolone. Ululu ukayamba mukumwa mankhwala opha mabakiteriyawa kapena mutangomaliza, siyani mafizo onse ndipo lankhulani mwamsanga ndi amene anakulemberani.

Zina si zachangu koma zimasintha chithandizo. Zidendene zonse ziwiri zikamawawa, m'mawa mukamauma kupitirira mphindi 30, msana ukamakudzutsani usiku, kapena mukakhala ndi nthenda ya pakhungu ya psoriasis, vuto likhoza kukhala nyamakazi yofuna kuyezetsa magazi. Dzanzi ndi ululu wonga moto wotsikira kuphazi zimaloza ku msana. Ululu wa pansi pa chidendene, pomwe mumapondera, ndi vuto lina. Ndipo mwana wa zaka 8 mpaka 14 amene chidendene chikumuwawa nthawi zambiri vuto lake limakhala pa fupa lomwe likukula, choncho malangizo awa si ake.

Chachiwiri: sankhani dokotala ndi kukonza malo

Funsani dzina lonse ndi nambala yolembetsera ya dokotala wa mafizo, ndipo muione ku bungwe lomwe limapereka ziphaso kwa ogwira ntchito zachipatala m'dziko lanu. Mumufunse zinthu zitatu musanayambe: mudzakumana kangati, mavidiyo a mafizo muzitumiza kuti ndipo amawasunga bwanji, komanso adzakutumizani kwa ndani ngati pafunika kuonana pamaso. Amene akulonjeza kuti muchira m'masabata awiri, kapena amene akungokutumizirani pepala la zithunzi osakuonani mukuyenda, musiyeni.

Kumene ambiri amalakwitsa ndi kaikidwe ka foni. Amaigwira m'manja, dokotala n'kumaona nkhope pamene akufuna kuona chidendene. Tsamiritsani foni pansi penipeni kapena pa kanthu kosapitirira masentimita 30 kutalika, pa mtunda wa mamita 2 kuchoka pomwe mwaima. Iigoneke chopingasa poonetsa kuyenda, ndipo muiimike poonetsa mwendo wonse kuyambira m'chiuno. Kuwala kuchokere kumbuyo kwa foni. Mukaima pafupi ndi windo lomwe lili kumbuyo kwanu, dokotala amangoona mthunzi. Valani kabudula, vulani nsapato ndi masokosi, ndipo muime pamalo osaterera. Pafupi pakhale khoma logwirira, mpando wolimba, sitepe imodzi, tepi yoyezera, cholembera, komanso nsapato zomwe mumavala kawirikawiri, chifukwa kutha kwa nsapato kumauza dokotala za kapondedwe kanu.

Netiweki ikamadukaduka musataye nthawi kulimbana nayo. Jambulani timavidiyo ta masekondi 20 mpaka 30, kamodzi chakumbali, kamodzi chakumbuyo, mutumize, kenako mukambirane pa foni wamba. Vidiyo yojambulidwa imaoneka bwino kuposa yoonerera pomwepo, ndipo dokotala amatha kuibwereza pang'onopang'ono.

Chachitatu: pezani malo enieni a ululu

Apa ndi pomwe dongosolo lonse limagawanikira, ndipo popeza dokotala sangakugwireni, zala zanu ndi zomwe zigwire ntchito. Khalani pampando, ikani phazi lodwala pa bondo linalo. Yambirani pa fupa la chidendene, muzitsina mtsempha pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, mukukwera sentimita imodzi imodzi. Pomwe pakuwawa kwambiri ikanipo kadontho ndi cholembera, kenako yezani kuchokera pamwamba pa fupa.

Kadontho kakakhala pakati pa masentimita 2 ndi 6 pamwamba pa fupa, vuto lili pakati pa mtsempha. Nthawi zambiri pamakhala ponenepa pang'ono, ndipo chotupacho chimayenda limodzi ndi mtsempha mukagwedeza phazi. Kadontho kakakhala pa fupa penipeni, vuto lili polumikizira. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Polumikizira, mtsempha umapanikizika ndi fupa nthawi iliyonse imene zala zakwera kulozera ku bondo, monga pokwera chitunda, ponjuta, kapena potsitsa chidendene kunsi kwa sitepe. Mafizo omwe amachiza vuto la pakati akhoza kuwonjezera vuto la polumikizira. Anthu ambiri amene amati "mafizo anandikanika" anatengera pa intaneti mafizo a mtundu winawo.

Chachinayi: lembani poyambira

Popanda manambala, pakatha masabata 6 simudzadziwa ngati mukuchira. Ululu umasintha tsiku ndi tsiku ndipo mutu umakumbukira tsiku loipa lokha.

Gwiritsani ntchito muyeso wa 0 mpaka 10, pomwe 0 ndi wopanda ululu ndipo 10 ndi ululu woopsa kwambiri womwe mungauganizire. M'mawa uliwonse, mukangoponda pansi, lembani nambala ya ululu pa mapazi khumi oyamba komanso mphindi zomwe zatha kuti kuuma kuchoke. Manambala awiriwa ndi ofunika kuposa ena onse.

Kenako muyeso wa kunyang'ama ndi mwendo umodzi, womwe mungachite dokotala akuona. Imani moyang'ana khoma, zala ziwiri za dzanja lililonse zikhudze khoma kuti musagwe, koma osatsamira. Bondo likhale loongoka. Ikani pulogalamu ya metronome, yomwe imagunda pa liwiro losasintha, pa foni ina kuti izigunda ka 60 pa mphindi, kugunda kumodzi mukwere, kwina mutsike. Werengani maulendo mpaka pomwe chidendene chalephera kufika pamwamba monga poyamba, bondo layamba kupindika, kapena mwataya kugunda. Yambani ndi mwendo wabwino. Lembani manambala onse awiri. Cholinga cha patsogolo n'chakuti mwendo wodwala ufike pa 90 peresenti ya mwendo wabwino, pa maulendo komanso pa kutalika kwa kukwera. Kuti muyeze kutalikako, matani tepi yoyezera pakhoma kumbuyo kwa chidendene kuti izioneka pa vidiyo.

Madokotala ambiri adzakutumiziraninso mafunso 8 otchedwa VISA-A, omwe anatuluka mu 2001 ndipo amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Yankhani poyamba, kenako pakatha masabata 6 ndi 12. Mafunsowa anapangidwira anthu amasewera, kotero amene sachita masewera sangafike pa 100 ngakhale atachira. Yang'anani kusintha kwa nambala yanu, osati kuilinganiza ndi ya wina.

Chachisanu: phunzirani lamulo la ululu

Mafizo a mtsemphawu amaloledwa kuwawa. Njira yomwe madokotala ambiri amatsata inafotokozedwa ndi Karin Grävare Silbernagel ndi anzake ku Sweden. Pochita mafizo ululu ufike mpaka 5 pa 10, osapitirira. Pofika m'mawa wotsatira ukhale utabwerera pomwe unali. Ndipo sabata ndi sabata, ululu ndi kuuma kwa m'mawa zisamakwere. Mu kafukufuku wawo wa 2007, odwala amene anapitiriza kuthamanga ndi kudumpha motsata lamuloli anachira mofanana ndi amene anasiyiratu kwa masabata 6 oyamba.

Chovuta n'chakuti mtsempha umayankha mochedwa. Ukatenthedwa umasiya kuwawa, munthu n'kuganiza kuti zonse zili bwino, n'kuwonjezera mtunda. Mlandu umazengedwa m'mawa. Mukadzuka ndi ululu wokwera ndi manambala 2 kapena kuposa, kapena kuuma kwatalika kawiri, dzulo munapitirira muyeso. Musasiye mafizo onse. Bwererani pa katundu wa sabata yatha kwa masiku 3 mpaka 4, ndipo muonenso zina zomwe munachita dzulolo: kuima tsiku lonse, kuyenda pamchenga, kukwera masitepe ambiri, nsapato zatsopano zosalala. Nthawi zambiri wolakwa sakhala mafizo.

Chachisanu ndi chimodzi: mafizo enieni

Yambani ndi mphindi 5 za kuyenda pamalo osalala kapena kupalasa njinga mopepuka.

Ngati simungathe kunyang'ama ndi mwendo umodzi ka 10 ululu usanapitirire 5, yambirani pa miyendo iwiri. Imani pansi posalala, mapazi motalikirana ngati m'chiuno, kwerani kwa masekondi 3, imani pamwamba sekondi imodzi, tsikani kwa masekondi 3. Chitani zigawo 3 za maulendo 15, kupuma mphindi imodzi pakati. Kenako khalani pampando, bondo lipindike ngati ngodya ya tebulo, ndipo muzinyamula chidendene chimodzimodzi, zigawo 3 za maulendo 15. Pa katundu wopepuka chonchi mukhoza kuchita tsiku lililonse. Masiku omwe mtsempha wakwiya, kwerani theka ndi miyendo iwiri n'kungoima pomwepo masekondi 30 mpaka 45, maulendo 4 kapena 5. Ena zimawachepetsera ululu kwa kanthawi, ena ayi. Zikapanda kukuthandizani pakatha sabata, zisiyeni.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri m'mawa muli bwino, yambani kusamutsira thupi ku mwendo wodwala: choyamba kwerani ndi iwiri mutatsamira kwambiri kodwalako, kenako kwerani ndi iwiri n'kutsika ndi umodzi, pomaliza kwerani ndi kutsika ndi umodzi. Mulingo uliwonse ukhale masiku osachepera 5 mpaka 7.

Mukafika pamenepa pali njira ziwiri zodziwika, ndipo dokotala adzakuthandizani kusankha.

Yoyamba ndi ya Håkan Alfredson wa ku Umeå m'dziko la Sweden, yomwe inasindikizidwa mu 1998. Mumaima pa sitepe ndi kutsogolo kwa phazi, chidendene chili m'malere. Mumakwera pogwiritsa ntchito mwendo wabwino, n'kusamutsira thupi ku wodwala, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka chidendene chitapitirira kunsi kwa sitepe. Zigawo 3 za maulendo 15 bondo loongoka, zigawo 3 za maulendo 15 bondo lopindika pang'ono, kawiri pa tsiku, masiku onse 7, kwa masabata 12. Pamodzi ndi maulendo 180 pa tsiku. Zikasiya kuwawa mumabereka chikwama cha kumsana n'kumawonjezera katundu makilogalamu 5 nthawi iliyonse. Njirayi siifuna zida, koma imatopetsa, ndipo ambiri amaisiyira panjira. Ngati 180 yakukanikani, chitani zomwe mungathe tsiku lililonse m'malo mosiya.

Yachiwiri ndi ya katundu wolemera wonyamulidwa pang'onopang'ono, yomwe ofufuza a ku Denmark anaiyerekeza ndi ya Alfredson mu 2015 n'kupeza zotsatira zofanana. Imachitika katatu pa sabata, tsiku lopuma pakati. Ulendo uliwonse ndi masekondi 3 kukwera ndi 3 kutsika. Katundu amasankhidwa kuti pofika pa ulendo womaliza mukhale mutatopa moti simungawonjezere. Sabata yoyamba ndi zigawo 3 za maulendo 15. Sabata 2 ndi 3, zigawo 3 za maulendo 12. Sabata 4 ndi 5, zigawo 4 za maulendo 10. Sabata 6 mpaka 8, zigawo 4 za maulendo 8. Sabata 9 mpaka 12, zigawo 4 za maulendo 6. Maulendo akamachepa, katundu amakwera. Pumani mphindi 2 mpaka 3 pakati pa zigawo. Tsiku lopuma lija si ulesi: mtsempha ukasenza katundu wolemera umafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti umange ulusi watsopano.

Ofufuzawo ankagwiritsa ntchito makina a ku jimu, choncho kunyumba pamafunika nzeru. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mabotolo a madzi m'chikwama amakupatsani katundu wodziwika bwino. Chikwama chikhale cha malamba awiri, chomangidwa mothina kuti chisakukokereni kumbuyo. Poimirira, chitani ndi mwendo umodzi kuti katundu wochepa akwanire. Pa mafizo okhala pansi m'pomwe pamavuta, chifukwa katumba wa pansi uja ndi wamphamvu kwambiri ndipo makilogalamu 5 sawamva n'komwe. Pindani thaulo pa ntchafu pafupi ndi bondo, ikanipo chigubu cha malita 20, chigwireni ndi manja awiri, n'kumanyamula chidendene. Yambani ndi theka la chigubu. Chodzaza chikapepuka, sinthani n'kuchita choimirira ndi mwendo umodzi, bondo litapindika pang'ono, chikwama chili kumsana. Wonjezerani makilogalamu 2 mpaka 5 pokhapokha mutamaliza zigawo zonse chidendene chikufika pamwamba ndipo m'mawa awiri otsatizana ali bwino.

Kwa amene ululu uli polumikizira pa fupa, zonsezi zichitikire pansi posalala. Chidendene chisatsike kupitirira mulingo wa zala, ndipo poyamba mukhoza kuika buku la masentimita 1 mpaka 2 pansi pa chidendene kuti muziimira pomwepo. Musakoke katumba potsamira khoma kapena polendewera pa sitepe, ngakhale mukumva ngati wakungika. Valani nsapato zokwera pang'ono kuchidendene, kapena ikani kokwezera ka sentimita imodzi m'nsapato zonse ziwiri kuti musapendekeke. Pewani nsapato zolimba kumbuyo zomwe zimakhula pomwe pakuwawa. Kutsitsa chidendene kunsi kwa sitepe kumabwera kumapeto, ululu utatsika, ndipo kumayambira pa sentimita imodzi yokha. Vuto la polumikizira limachedwa kuchira kuposa la pakati.

Zolakwika zomwe dokotala amafufuza pa vidiyo

Chofala kwambiri ndi kuthamangira. Munthu amagwa m'malo motsika, n'kudumphira m'mwamba ngati mpira. Metronome imathetsa vutoli: kugunda katatu kukwera, katatu kutsika. Chachiwiri ndi kupendekera kunja, thupi n'kukhala pa kachala kakang'ono. Izi zimaoneka pa vidiyo ya chakumbuyo yokha, chidendene chikamapotokera mkati pamwamba. Kankhani pansi ndi tsinde la chala chachikulu ndi chachiwiri. Ena amapinda bondo n'kuliongola kuti liwaponyere m'mwamba, ena amatsamira khoma ndi thupi lonse, ena amadzikoka ndi manja pa chitseko. Zonsezi zimachotsa katundu pa mtsempha, ndipo pepala limaonetsa maulendo 15 pamene mtsempha wagwira ntchito ya maulendo 5.

Pali cholakwika china chomwe sichioneka pa vidiyo imodzi: kukhala pa katundu yemweyo miyezi iwiri. Mafizo akasiya kukutopetsani, asiyanso kusintha mtsempha. Ululu umatsika pang'ono kenako n'kuima pamodzimodzi, ndipo munthu amaganiza kuti wafika pamapeto pamene wangosowa mabotolo ena awiri m'chikwama.

Chachisanu ndi chiwiri: zomwe muzitumiza sabata iliyonse

Kukumana pa vidiyo sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri m'mwezi woyamba, kenako kamodzi pa masabata 3 kapena 4, kumakwanira anthu ambiri. Pakati pake tumizani uthenga umodzi tsiku lomwe mwagwirizana: manambala a m'mawa a masiku 7, masiku omwe munachita mafizo, katundu ndi maulendo, ululu waukulu womwe munamva pochita, ndi china chilichonse chachilendo chomwe mwendo wagwira. Onjezani kavidiyo ka chigawo chomaliza, osati choyamba, chifukwa zolakwika zimatuluka munthu akatopa. Ngati munadumpha masiku atatu nenani choncho. Dokotala akaganiza kuti munachita zonse koma simukusintha, adzasintha dongosolo lomwe linalibe vuto.

Za mankhwala ochepetsa ululu: musamwe musanachite mafizo, chifukwa amabisa chizindikiro chomwe mukuyezera katundu. Mankhwala a gulu la ibuprofen angathandize masiku ochepa mtsempha ukakwiya, koma sakonza mtsempha, ndipo si oyenera kwa odwala impso, zilonda za m'mimba kapena amayi oyembekezera. Madzi oundana kwa mphindi 10 mpaka 15, atakulungidwa m'nsalu, amatonthoza basi. Jakisoni wa steroid mkati mwa mtsemphawu madokotala ambiri amamupewa poopa kuufooketsa.

Chachisanu ndi chitatu: kubwerera ku kudumpha ndi kuthamanga

Mphamvu yonyamula pang'onopang'ono ndi yosiyana ndi mphamvu yodumphira, ndipo amene amachoka pa chikwama n'kupita molunjika ku mpira amabwerera pomwe anayambira. Musanayambe, muzitha kuyenda mofulumira mphindi 30 ululu osapitirira 2, kuuma kwa m'mawa kukhale kwa mphindi zochepa, ndipo kunyang'ama ndi mwendo umodzi kukhale kukuyandikira mwendo wabwino.

Yambani ndi kunyang'ama mofulumira ndi miyendo iwiri, zigawo 3 za maulendo 20. Kenako timadumpho ting'onoting'ono ta miyendo iwiri pamalo amodzi, masekondi 20 katatu. Zikayenda bwino kwa sabata, dumphani mosinthanitsa miyendo, pomaliza ndi mwendo umodzi. Jambulani chakumbali, ndipo mutchere khutu: mwendo womwe sunakonzeke umatera mwaphokoso ndipo chidendene chimamenya pansi.

Kuthamanga kuyambe ndi mphindi imodzi yothamanga ndi ziwiri zoyenda, maulendo 6 mpaka 8, pamalo osalala. Siyani masiku awiri musanabwereze, ndipo mukachita tsiku lolemera siyani atatu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: talikitsani nthawi choyamba, liwiro pambuyo, zitunda kumapeto. Mafizo a katundu asaime. Achepetseni kufika kawiri pa sabata, ndipo muwachite tsiku lomwelo mutatha kuthamanga kuti masiku opuma akhale opumadi.

Pomwe vidiyo imathera

Kusintha koyamba, makamaka kwa kuuma kwa m'mawa, kumaoneka pakati pa masabata 4 ndi 8. Masabata 12 ndi nthawi yochepa yoti muweruzire dongosololi, ndipo kubwerera kwathunthu ku masewera kumatenga ena miyezi 6 mpaka chaka. Ponenepa paja pakhoza kutsala ngakhale ululu utatha, ndipo si chizindikiro choti mwalephera. Sikani nayonso ikhoza kuonetsa mtsempha wosokonekera mwa munthu yemwe sakumva kuwawa, choncho siifunika poyamba ngati zizindikiro zikumveka bwino.

Pemphani kuonana ndi dokotala pamaso ngati mwatha masabata 12 mukuchita mafizo mokhulupirika, katundu akukwera, koma manambala anu sanasunthe. Ngati ululu ukukula masabata 3 otsatizana ngakhale mwachepetsa katundu. Ngati wayamba kukudzutsani usiku. Kapena ngati mtsempha ukulira ngati ukukhulana ndi kanthu mukagwedeza phazi. Kumeneko akhoza kuyeza shuga, mafuta a m'magazi ndi zizindikiro za nyamakazi, kujambula mtsempha ndi fupa, kapena kuwonjezera chithandizo cha makina a shockwave, omwe amatumiza mafunde amphamvu pa mtsempha, pa mafizo omwe mukuchita kale. Opaleshoni imaganiziridwa pokhapokha miyezi yosachepera 6 ya mafizo ochitidwa bwino italephera. Popita kumeneko tengani pepala lanu la manambala, mndandanda wa mankhwala onse omwe mwamwa m'miyezi 6 yapitayi, mavidiyo awiri, woyamba ndi waposachedwa, komanso nsapato zomwe mumavala tsiku ndi tsiku.